Funso Lachisanu ndi Chinayi

Pa 4 Malichi 1961, akuluakulu a sitesheni ya sitima m'tauni mwathu, kumpoto kwa Romania, analengeza mwaulemu wonse kuti wantchito aliyense azivala chipewa chowongoka, chosapendekera kumanzere kapena kumanja. M'munsi mwa chilengezocho munali kamzere kena: Ayuda amene abale awo akusamukira ku Israeli asade nkhawa, ntchito zawo palibe adzazikhudze.

Leibu Șmilovici, yemwe anali Myuda, anawerenga kawiri, n'kuwongola chipewa. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu ndiye ankayeza katundu pa sitesheniyo, ndipo zinangotsala zaka ziwiri kuti apume ndi penshoni. Anali wowonda, wosaseka pantchito, ndipo sikelo ankaipukuta ndi mpango wake wa m'thumba.

Sabata yotsatira mng'ono wake Zalman, amene ankasamukira ku Israeli, anafika ndi bokosi lamatabwa. Lamulo linkalola wosamuka kunyamula makilogalamu 70 basi. Bokosilo linapitirira ndi atatu. Mkulu wa sitesheni, a Vasilache, anaima chapafupi akuyang'ana kudenga ngati kwalembedwa nkhani.

"Achimwene, tsinzinani pang'ono," Zalman ananong'ona. "Ndi zoikapo makandulo za amayi zija."

"Chotsa."

"Kodi inu, sikeloyi ndi imene inakuyamwitsani?"

"Ndati chotsa, Zalman. Anthu akudikira."

Zalman anazitulutsa, n'kuziika pansi pafupi ndi nsapato za mkulu wake, ndipo anakwera sitima osatsazika.

Masana omwewo kunabwera fomu imene antchito ankalemba chaka chilichonse. Funso lachisanu ndi chinayi linkati: kodi muli ndi abale kunja kwa dziko? Leibu nthawi za sitima ankazidziwa pamtima. Ya Zalman inali yoti idutse malire m'mawa mwake. Analemba kuti ayi, ndipo pambali pa deti anawonjezera ola.

Patatha mwezi a Vasilache anamuitanitsa.

"Bambo Șmilovici, mwanamiza boma."

"Ine ayi, bwana. Pa ola limenelo anali asanafike n'ku Arad komwe, tauni ya kufupi ndi malire ija."

"Boma silifunsa pamene sitima yafika."

"Nanga chilengezo chija?"

"Chilipobe, mukachione pakhoma. Sitikukuchotsani chifukwa cha mng'ono wanu, zimenezo n'zoletsedwa. Tikukuchotsani chifukwa cha fomu."

"Ndikanalemba kuti inde?"

A Vasilache anaganiza kaye. "Bwenzi tikuyang'ana funso lakhumi."

Leibu anapeza ganyu yotsitsa matumba a mbatata kumsika. Ine ndinkamuona Lachinayi lililonse, thumba lili paphewa, akutchula kulemera kwake asanalitule, ngakhale panalibe womufunsa. Zalman analemba kalata imodzi yokha, yonena za malalanje ndi kutentha.

Pofika Disembala, Ayuda onse asanu ndi mmodzi a pa sitesheni paja anali atachotsedwa ntchito, aliyense pa chifukwa chakechake.