Posita ya Manijala

Anabwera Lolemba m'mawa, ndili pakhonde kwathu ku Ligowe ndikumanga nsambo za gitala. Anali awiri, onse a chipani, ndipo sanaodire n'komwe. Wamkuluyo anangoti, "Akukufunani ku Boma, mubwerako lero lomwe." Mkazi wanga anandipatsa jekete. Lero lomwelo linatha zaka zitatu.

Ndiyambe ndafotokoza za munthu amene ndinkamugwirira ntchito. Dzina lake sinditchula, osati chifukwa cha ulemu ayi, koma pakamwa pangapa ndimadyerapo. Tinkangomuti Manijala. Anabwera kuchokera ku Joni ndi malekodi a nyimbo za roko, magitala awiri amagetsi ndi buluku lotambalala kumapazi ngati tsache. Kuyimba sankatha, ngakhale kuwomba m'manja ankaphonya, koma mutu wa bizinesi anali nawo, izo sindingamumane. Ndiye anabweretsa roko kumapiri a Neno kuno. Anatisonkhanitsa anthu asanu, ine wa gitala yotsogolera, n'kumatiyendetsa pa lole ya mbatata kuyambira ku Chifunga mpaka ku Boma, zoyimbira tikuyatsa ndi mabatire a galimoto. Aphunzitsi ndi manesi otumizidwa kuno, osowa kokataya nthawi, ankadzaza holo.

Anali ndi chizolowezi chimodzi. Kulikonse tikafika, posita ya nkhope yake, dzino la golide lili pamtunda, inkayenera kupachikidwa pamwamba penipeni. "Wa kumbuyo naye aone mwini bandi," ankatero. Tsono m'zaka za m'ma 1970 zimenezo, ngakhale mwana wa sitandade wani ankadziwa kuti pakhoma sipakhala chinthu pamwamba pa chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, kaya wotchi, kaya kalendala.

Loweruka masana, kutatsala masiku awiri kuti adzanditenge, mu holo ya pa Boma, msomali wopanda kanthu unalipo umodzi, ndipo unali pamwamba pa chithunzicho ndi chikhato chimodzi.

"Bwana, apa ndi pamoto," ndinatero.

"Kwerani achimwene, mantha a chiyani? Kodi ku dansi kumabwera munthu ndi rula?"

Anagwira makwerero, ine n'kukwera. Wa rula analipo.

Atanditsekera pa Boma, Manijala anabwera kudzandiona ndi manachesi atatu m'thumba. Ananong'ona pazenera kuti, "Mukanditchula, bandi yatha. Anzanu anayi aja adya chiyani? Pirirani sabata imodzi basi, ine ndili ndi anthu anga kumtunda. Gitala yanu ndikusungirani." Ndinavomera. Uchitsiru umenewo ndi wanga, sindigawana ndi munthu.

Lachinayi ananditengera kutauni pa galimoto yopanda mazenera. Wofunsa mafunso anali munthu waukhondo, wa tayi, ndipo funso lake linali limodzi: "Anakutuma ndani?" Ine yankho limodzi: "Ndinadzituma ndekha." Tinatero masiku awiri. Tsiku lachitatu anandifunsa mwaulemu kuti kodi nsambo ndimadina ndi dzanja liti. Ndinamuonetsa lamanzere, poganiza kuti mwina bamboyu amakonda nyimbo. Anaitana anthu awiri. Chitseko cha ofesiyo chinali cha mlombwa, chopalidwa bwino, ndipo anandipanitsa nacho dzanja lija. Zala zitatu sizinapindikenso kuchokera tsiku limenelo.

Kukhoti sindinapondeko. Kundende tinkagona mothinana, moti wina akafuna kutembenuka tinkatembenukira limodzi tonse. Msilikali wina wa ndende ankakonda kunena kuti, "Muno mulibe wakuba, muli oganiza kwambiri okhaokha." Zinkandiseketsa mumtima, chifukwa ine ndinalowamo kaamba kosaganiza.

M'chaka chachiwiri, msilikali yemweyo anaika wailesi yake pakhomo la chitolokosi chathu. Munkamveka nyimbo yotamanda chipani, koma kugunda kwake kwa roko. Ndinaizindikira gitala yanga. Nsambo yachitatu inali ndi kaphokoso kake, kolira ngati njuchi, kamene ndinalephera kukachotsa zaka zonse. Woulutsa mawu anatamanda mwini bandiyo, akuti ndi tate wa roko m'dziko muno, ali ndi mabandi atatu, sitolo ya malekodi mumzinda, ndipo ndi amene amabwereketsa zokuzira mawu pamisonkhano. Ndiye kuti anthu ake akumtunda aja analipodi, koma anangokwanira iye yekha. Sindinalire. Nyemba za tsiku limenelo ndinangopatsa mnzanga.

Ananditulutsa Lachisanu lina mvula ikugwa. "Nyamuka, wakhululukidwa. Ukathokoze." Sanandiuze kuti ndikathokoze ndani, nanenso sindinafunse. Kunyumba mkazi wanga anagwira dzanja lija nthawi yaitali, kenako anakatereka madzi osamba.

Patatha miyezi iwiri, Manijala anabweretsa bandi yake ku Boma, mu holo yomwe ija, n'kutumiza uthenga woti ndikamuone. Ndinapita, sindinama, ndinkafuna kumva mawu amodzi okha a pepani. Ndinamupeza atanenepa, khosi litasowa, mano a golide atakwana atatu.

"Achimwene, mwaonda bwanji," anatero. Anayang'ana dzanja langa ngati akusankha tomato pamsika. "Gitala ndiye basi, eti? Koma ine sinditaya anthu anga. Muzindipachikira maposita." Anandipatsira nyundo ndi posita yatsopano. "Koma pansi pa chithunzi, mwamva? Pansi kwambiri. Paja kusasamala kwanu kunatsala pang'ono kundigwetsera bizinesi."

Makwerero anali omwe aja, otsamira pakhoma lomwe lija. Ndinaika nyundo pansi, n'kuwagwira ndi dzanja langa labwinoli.

"Kwerani nokha, bwana. Lero wogwira makwerero ndine."

Anayang'ana makwerero, anayang'ana ine, n'kuseka kuseka kopanda mawu. Thukuta linatuluka pamphuno. Sanakwere. Tsiku limenelo bandi inayimba khoma lili lopanda nkhope yake, koyamba chiyambire ntchito yake.

Anthu ophunzira amalankhula zambiri za ufulu, ine sinditsutsa. Wanga unali waung'ono, wa mawu awiri aja oti "kwerani nokha", ndipo ndinaugula ndi zala zitatu. Masiku ano achinyamata akamamutchula munthu uja kuti tate wa roko, ndimangowasiya. Ndimalima mbatata ku Ligowe, khasu silifuna zala zonse, ndipo pakhoma la nyumba yanga palibe msomali ndi umodzi womwe.