Chipsera cha pa Bondo

Aliyense ankangowatchula kuti Azakhali, ngakhale akalipentala a imvi omwe ankapala matabwa kutsogolo kwa chipinda chawo. Chipindacho chinali ndi galasi lalikulu long'aluka pakati, ndipo utuchi unkalowera pansi pa chitseko. M'menemo ndimo ankaphunzitsira atsikana ovina m'mavidiyo a oimba.

Pa utsikana wawo nawonso anavinapo kumbuyo kwa woimba wina. Tsiku lomwe nyimboyo inaonetsedwa pa kanema, anatengana ndi mayi awo kukaonera kwa aneba. Mayiwo anapenyetsetsa osaphethira, ndipo itatha anati, "Ndakuona, mwanawe. Ndakuzindikira ndi chipsera chija cha pa bondo." Ananena mokondwa ndithu, popanda chipongwe. Koma nyimbo yonseyo wojambula sanakweze kamera kupitirira mchombo. Mawu a mayi aja anawakhala Azakhali ngati minga yothyokera m'phazi.

Zaka zinapita, mayi aja anatsikira kulichete. Ndiye kunabwera woimba wachinyamata, wovala magalasi akuda ndi m'nyumba momwe.

"Azakhali, ndikufuna moto," anatero. "Mukudziwa kale zomwe anthu amafuna kuona."

"Anthu ake ati, mwanangu?"

"Anthu basi."

"Mayi ako nawo ndi anthu?"

Mnyamatayo anangoseka.

Anakajambulira kuseri kwa garaja ina, pakati pa magalimoto onyezimira obwereka. Wojambula anachita monga mwa chizolowezi chake: anayala katoni pansi, nagona chafufumimba, kamera italoza m'ziuno.

Nyimbo inayamba. Atsikana anaima njo, miyendo ngati mizati, ziuno zili duu. Gule yense Azakhali anali atamukweza kumtunda. Mapewa ankanjenjemera ngati madzi owira, makosi akuweyuka, manja akulukana m'mwamba, ndipo nsidze nazo zinali ndi sitepe yake.

Wojambula anadzutsa mutu. "Kodi ayamba?"

"Ayamba kalekale, achimwene," anayankha Azakhali. "Inu ndi amene mwagona."

Woimba anazimitsa nyimbo. "Azakhali, mwandipha. Ziuno zili kuti?"

"Zilipo. Zanyamula ana anga. Ntchito yake lero ndi imeneyo."

"Ndikatenga ena. Ndipo kwanu kuja sindidzapondako."

"Katenge, njira ndi iyo. Koma dzuwa silikudziwa kuti ndiwe woimba."

Mnyamatayo anayang'ana kumwamba. Mthunzi wa garaja unali utayamba kale kudya magalimoto. Atsikana anali chilili, mitima ili m'mwamba, poti ankadziwa kuti oimba amauzana. Wojambula ndiye anadzuka, nasansa fumbi pa malaya. Mmodzi wa atsikanawo, yemwe anzake ankamuti Mlongoti, anali wamtali kumposa, moti bamboyo anachita kukwera pa tayala kuti apeze nkhope yake.

Woimba uja anasunga mawu ake. Sanabwerenso, anzake nawo anayamba kulambalala, ndipo masiku ambiri galasi lija linkangoonetsa utuchi. Ngakhale m'vidiyomo anangosiyamo kachidutswa chabe ka gule wa atsikana aja. Kwinako anadzazamo ovina ena, ojambulidwa chapansi ngati kale.

Koma m'kachidutswako nkhope ya Mlongoti inadzaza kanema yense, thukuta pamphumi, mpata wa pakati pa mano uli poyera, maso ali gaa pa woonera.

M'mawa wina panafika mayi wogulitsa malasha, manja ali bii, naima pakhomo. "Ndine make Mlongoti," anatero. "Ndimafuna ndione amene anaphunzitsa mwana wanga kuyang'ana anthu chonchija."

Azakhali anawapatsa mpando, iwo nakhala pa benchi, dzanja likusisita bondo lija.

Anaphunzitsabe mpaka tsitsi linayera, ndi atsikana ochepa omwe ankabwera. Watsopano aliyense ankayamba ndi phunziro limodzi, asanasunthe ndi phazi lomwe.

"Dzutsa mutu," ankatero, chala chili pansi pa chibwano cha mwanayo. "Wofuna kukuona, adzuke."