Chitenje Chimene Ndinapata Kushedi ya Fodya

Ndinayamba kusankha fodya pa esiteti ina kufupi ndi Santhe ndili ndi mwana woyamba kumsana. Anali masiku aja a chipani chimodzi, pamene khadi la chipanicho tinkalimangirira pamfundo ya nsalu kulikonse kumene tikupita, ndipo diresi losabisa mawondo linkakubweza pachipata cha msika. Amuna anga ankasonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Ine ndinkakhala mushedi ndi amayi anzanga, titawongola miyendo, kusiyanitsa masamba: achikasu uku, ofiirira uku, amawanga ndi ong'ambika paokha. Tikatero tinkamanga timitolo, amuna n'kudinda mabelo.

Ntchito imeneyi ndi ya maso. Masamba olakwika akalowa m'belo, ku okushoni ankalibweza. N'chifukwa chake anatiikira kapitawo, bambo wamimba yake, amene ankadziwa njira imodzi yokha yowongolera munthu: kukuwa. Akapeza tsamba lakuda pakati pa achikasu ankalikweza m'mwamba ngati wagwira mbewa, n'kufunsa shedi yonse ngati mwiniwake ali ndi maso kapena mabatani. Ukasankha bwino ankangodutsa. Choncho tonse tinaphunzira kugwira ntchito yongokwanira kuti tisatukwanidwe, osapitirira pamenepo. Ungadzivutirenji, poti wakhama ndi waulesi onse ankaweruka ndi fumbi lofanana m'mphuno?

Chaka china kunabwera manijala watsopano, wophunzira zaulimi, wosakwatira, woyendera njinga yamoto. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Uyu anauza kapitawo kuti asiye kukuwa, koma akaona mtolo wosankhidwa bwino aziyamikira pomwepo, anthu akumva. Kapitawo zinamuvuta. Mawu oti "mwachita bwino" ankamutuluka nkhope itakwinyika ngati akutafuna mankhwala a malungo. Manijalayo anawonjezanso china: Loweruka lililonse, amene wasankha bwino kuposa onse azilandira sopo kapena mchere.

Poyamba tinaseka, tinkati kodi atiyesa ana a sukulu? Koma zinagwira. Amayi amene ankafika dzuwa litaswa mtengo anayamba kudikira pakhomo kuti shedi itsegulidwe. Ine diso ndinali nalo, sindinganame. Tsamba ndinkalidziwa ndikangolitambasula. Sopo ndinapata kangapo, ndipo amuna anga ankasamba bwinobwino osafunsa kumene wachokera.

Mabelo omaliza atakwera lole, anatisonkhanitsa tonse pabwalo. Atcheyamani a chipani analankhula zawo zazitali, tinaimba, tinavina. Kenaka manijala anaimirira n'kunena kuti pali mphotho yaikulu ya wosankha bwino chaka chonse. Ndiye anatchula dzina langa.

Apa mundimvetse. Pa esiteti ponse ndinkadziwika kuti ndine mkazi wa auje a kumabalani. Ena ankandiitanira dzina la mwana wanga. Koma iye anatchula dzina langa lenileni, ndi la bambo anga lomwe, mokweza, mpaka ndinacheuka kuona ngati pali wina kumbuyo. Mnzanga anachita kundikankha kuti ndidzuke. Manijala anatulutsa chitenje chatsopano chobiriwira, chamaluwa achikasu, chogula kusitolo ku boma. Anachitambasula n'kundifunditsa pamapewa ndi manja ake. Amayi analulutira. Ndinasangalala tsiku limenelo, ndinasangalala kuposa tsiku la ukwati wanga.

Nkhope ya amuna anga sindinaione, ndinkaona maluwa okhaokha. Kwathu mkazi wapabanja amavekedwa ndi mwamuna wake. Nsalu yochokera m'manja mwa mwamuna wina ili ndi tanthauzo limodzi, ndipo palibe amene salidziwa. Kaya kwawo kwa manijalayo sizinali choncho, kaya chimwemwe chinamuiwalitsa monga chinandiiwalitsira ine, sindidziwa. Choipitsitsa, nsalu imene ndinavala tsikulo inali yazigamba, ndipo esiteti yonse inaona zigambazo pamene yatsopano inkagwera pamwamba pake.

Titafika kunyumba amuna anga anakhala pakhonde, maso ali kumsewu.

"Iwe, wakuveka ndani?" anandifunsa.

"Mwadzionera nokha, bambo. Ndi mphotho ya ntchito."

"Ntchito yanji yolipidwa ndi nsalu? Bwanji sanakupatse khasu?"

"Nanga sopo uja si munkasamba osafunsa?"

Pakamwa pangapa pandilowetsa m'mavuto ambiri, koma apa panaposa. Chakudya chimene ndinaphika anachikankhira kumbali, mawa lakenso chimodzimodzi. Kumabalani anzawo anali atayamba kale kuwaseka, amvekere, "Mwayi wanu achimwene, mwapeza wokuthandizani kuveka." Sabata isanathe anandiuza kuti ndilongedze, ndikadikire kwathu mpaka nkhani itakambidwa.

Ndinachita mantha. Nyumba ya pa esiteti inali ya mwamuna wogwira ntchito, mkazi payekha analibe malo. Banja likatha, ndiye kuti nyumba yapita, ntchito yapita, ndibwerere kumudzi ndi mwana kumsana ndi mbiri yoti ndinkayenda ndi bwana. Zonsezi chifukwa chosankha bwino masamba. Ndinakana kunyamuka. Ndinati ngati pali mlandu, ankhoswe abwere adzaupeze pomwe wachitikira.

Anabweradi. Kwa ine kunabwera atsibweni anga pa njinga yawo yopanda mabuleki, kwa amuna anga kunabwera akulu awo. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, chitenje chija chili pamphasa pakati pathu ngati maliro. Amuna anga ananena zawo. Ine ndinanena zanga, mwina mopitirira, poti atsibweni anachita kukhosomola kuti ndisiye. Atamva zonse, atsibweniwo anakanda m'mutu n'kuti:

"Mwana wathuyu sanabe, sanapemphenso. Apongozi, inunso simunalakwe kudandaula. Vuto n'lakuti nsaluyi yalowa m'nyumba kudzera pawindo. Ituluke, idzalowere pakhomo."

Akuluakulu awiriwo anatenga chitenje n'kupita nacho kwa manijala, ife tili pambuyo. Atamufotokozera, munthu uja anagwira pakamwa. Anapepesa mobwerezabwereza, thukuta lili kamukamu. Anati ngati nsalu ikubweretsa mavuto andisinthira, andipatsa poto.

"Iyayi bwana," ndinatero, "ine ndinagwirira chitenje. Poto ndili naye."

Atsibweni anandiyang'ana ndi diso lija, koma mawu anali atatuluka kale. Pomaliza anagwirizana kuti antchito asonkhanenso, manijala apereke chitenje kwa amuna anga, iwowo ndiwo andiveke.

Zinachitikadi Lolemba m'mawa. Manijala anaimirira pomwe paja n'kutchula dzina la amuna anga. Iwo anadzuka, malaya atapisira, n'kuyenda pang'onopang'ono ngati akukalongedwa ufumu. Analandira ndi manja awiri, anandiitana ndi chala, n'kundifunditsa. Anthu anawomba m'manja. Amuna omwe ankawaseka aja ndi amene anayamba kuwagwira chanza. Ine ndinagwada, ndinathokoza monga ndinaphunzitsidwira, n'kubwerera pamalo panga. Tsiku limenelo anadya, mpaka anapempha ndiwo zina.

Banja linapulumuka choncho. Tinakhala limodzi mpaka imfa inawatenga, ndipo sindingawanamizire, anali munthu wabwino. Sanandikwezerepo dzanja. Vuto lawo linali manyazi, ndipo manyazi a mwamuna amalipira ndi mkazi.

Kuyambira pamenepo linasanduka lamulo la pa esiteti: mkazi wapabanja akapambana, chitenje chizilandiridwa ndi mwamuna wake. Ndipo kunena zoona mphothoyo inayamba kugwira kuposa kale. Amuna amene ankadandaula kuti akazi awo akulawirira kushedi ndiwo anayamba kuwadzutsa, amvekere, "Fulumira iwe, anzako afika kale!" Aliyense ankafuna kudzayenda pabwalo paja malaya atapisira. Mabelo anasiya kubwezedwa, manijala anakondwa, ngakhale kapitawo anazolowera kuyamikira osakwinya nkhope. Aliyense anapezapo pake.

Ine sindinafooke pantchito. Dzanja likazolowera kusankha bwino silingabwererenso, ndipo mawu aja oti "mwachita bwino" ndinali nditawalawa. Ndinapambananso zaka zina. Nthawi iliyonse ndinkakhala pakati pa amayi anzanga kumvetsera dzina la amuna anga likutchulidwa, n'kudikira chala chija. Mnzanga wina ankandinong'oneza kuti walira mvula walira matope. Ndinkamuyankha kuti atseke pakamwa, ayambe wapata kaye mchere.

Atakalamba, amuna anga ankakonda kuuza adzukulu kuti, "Agogo anuwa ndinkawaveka zitenje esiteti yonse ikuona." Ine ndinkangoti, "Eetu, bambo." Sindinkatsutsa, poti sankanama. Koma zinkandiwawa, ndipo zimandiwawabe.

Zitenje zonsezo zinatha. Chobiriwira chija ndinaberekera ana mpaka chinang'ambika, zidutswa zake n'kukhala matewera. Nsalu sindidandaula nayo. Zaka zonse zimene ndinasankha fodya pa esiteti ija, dzina langa linatchulidwa pabwalo tsiku limodzi lokha, ndipo tsiku limenelo ndi limene akuluakulu anagamula kuti libwerezedwe chifukwa linalakwika.