Chitseko Chinapita ku Migowi

Linali Lachisanu, pa 15 Ogasiti, sukulu titatsekera. Ine ndinali kuseri kwa nyumba, ndikumenya nandolo ndi kamtengo, pamene ndinamva amalume akuguguda chitsulo kubwalo. Sindinalabadire. Sabata yonseyo ankaguguda, chifukwa anali atayamba kuphwasula galimoto ya agogo aamuna.

Galimotoyo inafa ine ndisanabadwe. Agogo anaigula kwa bwana wawo ku esiteti ya tiyi kumene ankagwira ntchito yoyendetsa, ndipo itafa anakana kuti ichoke pakhomo. Anaikweza pa njerwa pansi pa mtengo wa mango. Inali ya mphuno yaitali, nyali zake zozungulira ngati maso a mwana wa ng'ombe. Nkhuku zinkaikira kumbuyo, ine ndinkakhala kutsogolo. Aliyense akandisowa ankadziwa kondipeza, ndipo ankati ndikuwerenga za sukulu. Nthawi zina ndinkawerengadi. Koma kawirikawiri ndinkalemba m'kope langa la tsiku ndi tsiku, limene ndinkalibisa m'chitseko cha dalaivala. Chitsekocho mkati chinali ndi katoni yolimba yokutidwa ndi chikopa, ndipo pakona yapansi inali itamasuka moti kope linkalowa n'kubisika.

M'kopemo munali zambiri zopanda pake, koma munalinso nkhani imodzi imene sindinayenera kulemba. Amalume amakonda kusewera bawo ku Migowi, ndipo kumeneko aliyense amadziwa kuti ali mnyamata ankayendetsa galimotoyi mpaka ku Limbe. Amasimba okha, ndipo ulendowo umatalika chaka ndi chaka. Tsiku lina tikuchapa, amayi anandiuza kuti amalume anaiyendetsa kamodzi kokha, kuchoka pamtengo wa mango kukafika pankhokwe, ndipo nkhokweyo inagwa. Agogo sanawapatsenso kiyi. Amayi anaseka mpaka misozi, kenako anandigwira mkono nati ndisadzauze munthu. Sindinauze munthu. Ndinangolemba masamba awiri, n'kujambulanso nkhokwe miyendo ili m'mwamba.

Agogo atamwalira, galimoto inakhala m'manja mwa amalume, amene ndi alongo awo a amayi. Chaka chino kunabwera munthu wogula zitsulo zakale atanyamula sikelo, nati atenga yonse malinga ndi kulemera kwake. Amalume anamuyang'ana n'kufunsa:

"Bambo anga muwapachike pa sikelo ngati nandolo?"

Munthuyo anakwera njinga yake n'kumapita. Koma dzimbiri linali likudyabe, ndipo amayi ankadandaula kuti pansi pa galimoto payamba kugona njoka. Ndiye amalume anagamula kuti igulitsidwa, koma chiwalo chimodzichimodzi, ndipo kwa munthu wonena bwinobwino chimene akachite nacho.

Amalume ndi amene amakhala nkhoswe pa maukwati a kwathu, ndipo ntchito iyinso anaigwira ngati akukwatitsa. Wogula ankamuyalira mphasa, n'kumufunsa kumene akuchokera, ntchito yake, ndi kumene chitsulocho chizikagona. Masipulingi anapita kwa wosula wa ku Kaduya atalonjeza nkhwangwa ndi zikwanje. Limu imodzi ya tayala anatenga akutchalitchi kuti ikhale belu. Wakabaza wina wofuna nyali anamubweza kawiri chifukwa ankayankha ataimirira.

"Ameneyu akaisiya pamvula," amalume anauza amayi.

"Yakhala pamvula zaka zonsezi, achimwene," amayi anayankha osasiya kupeta.

Lolemba la sabata imeneyo amalume anandiitana. Amanditchula a dalaivala, chifukwa cha kumene ndinkakhala.

"A dalaivala, tabwerani kuno."

Ndinagwada chapatali monga mwa nthawi zonse. Amayi anali pakhonde, ndipo wosula uja anali asanachoke.

"Iwe ndi amene wailondera galimotoyi," anatero amalume. "Loza chimodzi chimene ukufuna chitsale. Chimenecho sindigulitsa."

Mumtima ndinayankha msanga kuti chitseko. Koma mtsikana angafune chitseko cha galimoto achite nacho chiyani? Akanandifunsa, ndipo amalume akayamba kufunsa salekera panjira.

"Chilichonse, amalume."

"M'galimotomu mulibe chitsulo chotchedwa chilichonse. Loza."

Ndinayang'ana pansi n'kuloza ndi mlomo cha kumbali ya dalaivala. Chitsekocho chinali chotsegula, ndipo kuseri kwake kunkaoneka mpando.

"Mpando!" amalume anawomba m'manja. "Ndimadziwa ine. Mwana ameneyu ndimamumva asanayankhule."

Ndinati zikomo, n'kubwerera kukhitchini. Ndinadzitonthoza kuti nthawi ilipo, chifukwa amalume anali atanena kuti zitseko zidzakhala zomaliza, mabawuti ake anagwirana ndi dzimbiri. Komanso ndinalibe kwina kobisa kope. M'nyumba mwathu amayi amapeza ngakhale singano imene inatayika chaka chatha. Ndinati ndiyambe ndapeza chitini cha chivindikiro, ndidzalichotse Loweruka.

Ndi chifukwa chake Lachisanu lija kugugudako sikunandiopse. Ndinangomva amayi akuitana kuti ndipititse madzi osamba m'manja ndi mbale ya kalongonda, kwabwera mlendo. Nditatulukira pakona ya nyumba, ndinaona chitseko cha dalaivala chitatsamira mtengo wa mango, chokha, chopanda galimoto. Pamphasa panali bambo wometa tsitsi wa ku Migowi.

Bambo ameneyu ndinkamudziwa, ndipo palibe wopita kumsika amene samudziwa. Kanyumba kake kometera kayang'anizana ndi khonde limene amalume amasewerapo bawo. Ali ndi mawu aakulu, ndipo sangaone pepala lolembedwa osaliwerenga mokweza. Ngakhale nyuzi yokulungira zitumbuwa amaitambasula n'kuwerengera anthu odikira kumetedwa, akusinthasintha mawu ngati wa pa wayilesi.

"Ndiye chitsekochi mukachita nacho chiyani?" amalume anali kufunsa. "Kanyumba kanu kali nacho kale chitseko."

"Ine ndikufuna windo, akulu," anatero wometayo. "Ndiboola khoma, ndichiike pamenepo. Kasitomala akamva kutentha, ndimupukusira galasi litsike. Fumbi likabwera, ndipukusa likwere. Azimetedwa ngati ali pa ulendo."

Amalume anatembenukira kwa amayi, nkhope ikuwala.

"Mwamva, achemwali? Uyu ndiye munthu wobwera ataganiza."

Anaimirira n'kusisita pamwamba pa chitseko, pamene galasi limalowera.

"Apa mukuona papererapa ndi chigongono changa. Kuchoka pano mpaka ku Limbe sichinkachoka apa."

Amayi anatsokomola n'kulowa m'nyumba. Ine ndinali nditagwada ndi beseni.

Wometayo atasamba m'manja anayesa chopukusira galasi. Chinalira, galasi linatsika pang'ono n'kuima.

"Chauma," anatero. "Palibe kanthu. Mawa ndi tsiku la msika, mitu ichuluka. Koma Lamulungu ndikachoka kutchalitchi ndimatula katoni yonseyi ndithiremo oyilo."

"Amalume," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono moti ndinadabwa kuti amva.

"Usadandaule, a dalaivala. Mpando wako ulipo. Awa anaufuna kuti azikhazikapo makasitomala, ndawakaniza. Sichoncho?"

"Andikaniza ngati ndikupempha mkazi wachiwiri," anatero wometayo. "Ndi uyu mwini mpando? Amayankhula koma?"

"Amayankhula ndi mabuku," anatero amalume monyadira.

Onse anaseka, ine ndinatola beseni n'kuthawira kuseri. Ndinasuzumira pakona pamene ankamanga chitseko panjinga ndi malegeni. Wometayo sakanatha kukwera, ndiye anayamba kukankha njingayo, chitseko chikuwala ndi dzuwa mpaka anakhota pamunda wa chinangwa. Ndikanathamanga ndikanamupeza. Ndinaima pomwepo ndi beseni m'manja.

Dzuwa litapendeka amalume anatulutsa mpando uja m'galimoto. Anaukutumula, kuupukuta ndi kansanza konyowa, n'kuukhazika pa njerwa zinayi pakhonde, mbali yoyang'ana ku phiri la Michesi. Anauyesa okha kawiri kuti usagwedezeke.

"Takhala tione."

Ndinakhala. Popanda chiwongolero kutsogolo, manja anga anasowa pogwira.

"Agogo ako sankalola munthu kukhala pamenepa," anatero amalume motsitsa mawu, akuyang'ana kuphiri. "Anali ouma mtima pa galimoto yawo. Iwe wekha ankakusiya. Uziwerengera apa tsopano, mvula siikupeza."

Anatola sipanala yawo n'kumapita kunyumba kwawo akuimba mluzu. Ndinatsala pampandopo ndikuganiza za khonde la bawo, anthu atadzaza, wometa ataima pakhomo ndi kope langa akuwerenga ndi mawu a pa wayilesi, n'kukweza tsamba lija kuti onse aone nkhokwe. Amalume akanaseka nawo, chifukwa ndi munthu woseka, koma sindikudziwa ngati akanapitakonso ku bawo.

Amayi ndinawapeza kuseri akuthira nandolo m'thumba. Ndinawagwirira kukamwa kwa thumba osatumidwa, ndiye anadziwa kuti pali nkhani.

"Nena."

"M'chitseko muja muli kope langa."

"La sukulu?"

"Ayi. Langa."

"Ndiye udzagula lina. Ukulirira kope?"

"Ndinalembamo za nkhokwe."

Amayi anasiya lichero lili m'mwamba. Nandolo zingapo zinagwera pansi.

"Nkhokwe iti?"

Ndinawerama n'kuyamba kutola nandolo zinagwazo.

"Iwe! Si ndinati usauze munthu?"

"Sindinauze munthu, amayi. Ndinangolemba."

"Ndiye lapita kwa ndani, mwa anthu onse a ku Migowi!" Anagwira pakamwa. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuseka. "Unatchula kuti ndinakuuza ndine?"

"Eya. Ndinajambulanso."

Apa anakhala pansi pathumba n'kuseka mpaka kupukuta m'maso ndi chitenje. Kenako kusekako kunatha kokha.

"Tsiku limene lija achimwene analira," anatero. "Zimenezo sindinakuuze. Anali msinkhu wakowu. Bambo anawakalipira pamaso pa anthu onse amene anabwera kudzadzutsa nkhokwe."

Ndinawapempha kuti mawa akamagulitsa nandolo akalowe kwa wometayo akanditengere. Anapukusa mutu. Anati chinthu chikagulitsidwa ndi mwini mbumba, mlongo wake sachilondola. Iwo akakangoima pakhomo la wometa n'kufunsa za chitseko, dzuwa lisanafike pamutu Migowi yense anena kuti pakhomo pathu takangana chifukwa cha galimoto ya malemu, ndipo amalume amva zimenezo asanakhale n'komwe pabawo.

"Koma mwana woiwala kope lake, palibe angadabwe," anatero. "Ana a sukulu mumaiwala chilichonse. Upite wekha."

"Ndikanena chiyani?"

"Pakamwa unasiya m'chitseko momwemo?"

"Akandiseka, amayi."

"Akuseka, inde. Amaseka aliyense. Akandiseka ine akakuseka iwe, kusiyana kwake n'kwakuti iwe ukabwera ndi kope." Ananyamuka n'kutola lichero. "Ndipo ukalitenga, masamba awiri amenewo undipatse ndiyatsire moto. Chithunzicho ndiyambe ndachiona."

Tinamaliza kuthira nandolo, tinasoka matumba awiri, ndipo amayi anati laling'onolo ndidzasenza ine. Kenako ndinapita kumjigo. Panjira, pamene panalibe munthu, ndinayesa mawuwo mokweza. Koyamba anatuluka ngati a mwana wopempha mchere kwa aneba. Kachiwiri ndinachulutsa kupepesa moti nkhani ya kope inafika mochedwa. Kachitatu mbuzi imene inamangidwa m'mbali mwa njira inatukula mutu n'kundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti mwina mawuwo ayamba kumveka.

Pobwerera ndi ndowa pamutu ndinatsimikiza. Mawa ndinyamuka ndi amayi m'mamawa, ndikatula thumba kwa ogula nandolo, ndipo ndikafika kwa wometa asanakhazike munthu woyamba, a bawo asanayale. Sindikaima patali kudikira kuti andione. Ndikaodira pakhomo, ndikamupatsa moni, kenako ndikanena kamodzi ndi mawu omveka: "Bambo, ndinaiwala kope langa m'chitseko chija, ndabwera kudzatenga." Akati ndimupatse aone kaye, ndikayankha kuti ayi.