Masupuni Asanu a Esinati

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinalembedwa ntchito yanga yoyamba, ndipo mpaka lero ndiyo ntchito yokhayo imene ndinaipeza osalemba kalata. Ondilemba anali amayi anga. Udindo wake unali wodyetsa mlongo wanga Esinati, amene panthawiyo anali ndi miyezi isanu ndi itatu, mano awiri, ndi mawu okwanira kwaya yonse. Malipiro panalibe, koma monga mumve, ndinadzikonzera ndekha.

Tinkakhala ku Kalingalinga, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene malata ake ankagwiridwa ndi miyala ndi tayala lakale. Makolo a atate ndi amayi anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, ndipo chuma chimene anatisiyira chinali Chichewa cha m'nyumba, tchalitchi, ndi mantha a miyambo. Atate anali kalipentala. Ankapala matabwa panja tsiku lonse, koma zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo, shuga ndi mafuta ophikira zinkaoneka mwa apo ndi apo ngati alendo olemekezeka. Munthu wopanda shuga safuna kabati yosungiramo shuga. Choncho amayi atamva kuti ku mayadi, kumene kumakhala olemera, kuli banja lofuna wolera mwana, anamanga chitenje n'kupita.

Ankanyamuka wapansi kusanayere, n'kubwera dzuwa litafiira. Sabata yoyamba ankafika yunifomu itanyowa pachifuwa, n'kukhala pakhomo pomwepo kuyamwitsa Esinati asanavule n'komwe nsapato. Kenaka kunabwera amayi aakulu, mkulu wawo wa amayi, ochokera ku Mtendere. Amayi aakulu anali munthu wosafunsa funso limene yankho lake alibe kale.

"Iwe Agnesi, ufuna kupha mwana? Mkaka watandala m'bere tsiku lonse, wayenda padzuwa kuchokera ku mayadi, ndiye uti ukadali mkaka? Wasasa umenewo. Mwana aleke."

Amayi anali otopa kwambiri moti sanatsutse. Anapaka tsabola kubere, ndipo Esinati atalawa anawayang'ana ndi maso amene ndinadzawaonanso patapita zaka zambiri, pankhope ya munthu wochotsedwa ntchito.

Ndimo mmene chitini cha mkaka waufa chinalowera m'nyumba mwathu. Anesi a kusikelo anaphunzitsa amayi, amayi n'kuphunzitsa ine: madzi owiritsa mpaka pamzera wa botolo, masupuni asanu osalaza bwino, ndi kasupuni kobwera m'chitini momwemo. Katatu patsiku, kuwonjezera pa phala. Sukulu ndinkalowa masana, choncho m'mawa wonse mwana anali wanga. Popita kusukulu ndinkamusiya kwa bana Mulenga, mayi wa Chibemba amene tinkagawana naye khoma, pamodzi ndi botolo lopangiratu. Botolo lamadzulo ndinkapanganso ine, chifukwa amayi akafika ankangotsala mafupa ndi nduwira. Ngakhale Lamlungu, pamene ankakhala pakhomo, manja awo ankakhala m'beseni la zovala, anga m'chitini.

Masiku oyamba ndinali wantchito wokhulupirika. Ndinkakoleza mbaula, kuwiritsa madzi, kusalaza supuni ngati ndikumanga msewu. Tsiku lina ufa pang'ono unatsalira pachala, ndipo poti kutaya chakudya n'tchimo, ndinanyambita.

Amene sanalawepo mkaka waufa wouma sangandiweruze. Umamata kumwamba kwa m'kamwa, n'kumasungunuka pang'onopang'ono, wotsekemera, wamafuta, ngati nkhani ya kumwamba imene amalalika kutchalitchi. Kumbukirani kuti tiyi wathu tinkamwa wakuda, ndipo masiku ena shuga wake ankangokhala wa m'maganizo. Mawa lake sindinadikire kuti ufa utsalire pachala.

Vuto linali limodzi. Madzulo aliwonse amayi ankanyamula chitini n'kuchigwedeza pafupi ndi khutu, ndipo khutu lawo linkadziwa tsiku limene chiyenera kutha. Choncho chilichonse chimene ndadya chinayenera kuchokera penapake. Apa ndi pamene ndinaonetsa luso la masamu limene pambuyo pake linadzandithawa kukoleji: supuni imodzi m'kamwa mwanga, masupuni anayi m'botolo, chitini chikutsika monga mwa lamulo. Esinati sanadandaule, pakuti sankadziwa kuwerenga. Ndinatulukiranso chinthu china chimene asayansi sanandithokozebe: mkaka wa masupuni anayi umaoneka woyera chimodzimodzi ndi wa masupuni asanu.

Zikanathera pomwepo, mwina sindikanalemba nkhaniyi. Koma Mulenga, mwana wa bana Mulenga, ndiye anali mwini mpira wamapepala wa mumsewu mwathu, ndipo kwa zaka ziwiri ankandiika pagolo. Tsiku limene ndinamupatsa kapepala ka ufa woyera, anazindikira mwadzidzidzi kuti ndili ndi mwendo wa womwetsa zigoli. Mbiri inamveka. Masupuni anayi anasanduka atatu. Atatu anasanduka awiri. Mkaka unali woyerabe, ngati suuyang'anira padzuwa.

Esinati anayamba ndi kulira. Ankamaliza botolo mwamsanga n'kumayamwabe mpweya, kenaka n'kulilira lina. Phala ankalandira masupuni awiri atatu, n'kutembenuza mutu. Pambuyo pake kulirako kunachepa, ndipo ine ndinaganiza kuti wazolowera. Kamkanda kamene amayi anamumanga m'chiuno, kamene kale kankabisala m'minofu, kanayamba kutsetsereka mpaka m'ntchafu. Tsitsi linafiira ngati ndevu za chimanga.

Mudzandifunsa ngati ndinkadziwa. Ndinkadziwa monga mmene munthu amadziwira kuti nsapato yabooka koma osafuna kuitembenuza. Chitini chatsopano chilichonse ndinkalumbira kuti ndasiya, ndipo ndinkasiyadi, mpaka Lachiwiri.

Kusikelo, mzera wa pakhadi unatsika mwezi woyamba, n'kutsikanso wachiwiri. Anesi anafunsa amayi kuti amaika masupuni angati. Amayi anati asanu. Ananena zoona zimene ankadziwa, ndipo anakalipiridwa pamaso pa azimayi onse. Madzulo ake anakhala pakhomo khadi lili m'manja. Iwo amene tsiku lililonse ankanenepetsa mwana wa eni ku mayadi ndi mkaka womwewo, sankamvetsa chifukwa chake wawo akutha.

Amayi aakulu ankamvetsa. Anafika Lamlungu lotsatira titangoweruka kutchalitchi, anamuvula Esinati, anamutsina khungu la pamkono, n'kunena liwu limodzi: tsempho.

Kwa amene anakulira kwina: kwathu, mwana akamaonda popanda matenda ooneka, akuluakulu ankati wasemphedwa. Tanthauzo lake n'lakuti mmodzi wa makolo wayenda kunja, n'kubwera kudzanyamula mwana ndi thupi lotentha. Mankhwala ake alipo, koma sagwira ntchito mpaka wolakwayo avomere ndi pakamwa pake. Amayi ankangodziwa njira ya ku mayadi ndi ya kutchalitchi. Maso onse anatembenukira kwa atate.

Umboni unalipo wambiri. Masiku ena atate ankatuluka mbandakucha, n'kubwera masana ali wefuwefu, m'manja mulibe kanthu.

"Alamu, ndimakhala ndili pamzere," anatero atate, atakhala pakampando kopanga okha. "Mkaka wa mwanayu sugwa kumwamba. Ukamva kuti wafika kusitolo ya boma, umapita kukaima."

"Mzere wanji wobwerako chimanjamanja?"

"Umatha ndisanafike pakhomo pa sitolo."

"Umatha! Ee, umathadi. Mwana nayenso akutha. Atate ake Wedi, ine sindinabwere kudzamva za sitolo. Vomerani, mwana amwe mankhwala. Mukakana, ndinyamula mng'ono wanga ndi mwanayu lero lomwe, tikakhale ku Mtendere. Inu mutsale ndi mzere wanuwo."

Wedi ndine, Wedisoni. Ndinali nditakhala pamwala pafupi ndi mbaula. Kuseri kwa mpanda bana Mulenga ankatsuka mbale imodzi yomweyo kuyambira pamene mlandu unayamba.

Atate anayang'ana Esinati nthawi yaitali. Mwanayo anali pamiyendo pa amayi, mutu waukulu, khosi ngati la nkhuku yonyowa. Kenaka anapukuta nkhope ndi dzanja lawo lokhakhala.

"Ngati mankhwala akudikira pakamwa panga, chabwino. Ndavomera. Mupatseni mwana."

Amayi sanalire. Anangokweza mutu pang'onopang'ono, ngati ukulemera.

"Ndani?"

Atate anali ngati munthu wopala matabwa onse n'kuzindikira kuti misomali alibe. Mlandu anavomera, koma dzina la mkazi anali asanakonze.

Ndikanakonda kulemba kuti apa ndinaimirira n'kuulula zonse. Anthu ambiri olemba za ubwana wawo amaimirira pamalo ngati amenewa. Ine ndinakhalabe pamwala. Amene analankhula ndi Esinati, ndi kakulira kake kofooka, ndipo amayi, osandiyang'ana n'komwe, anati, "Wedi, panga botolo."

Ndinatenga chitini. Madzi anali kale m'ketulo. Mutu wanga unali kwa atate, ndipo manja anagwira ntchito okha monga anazolowera miyezi iwiri. Supuni yoyamba. Yachiwiri. Ndinatseka chitini, n'kuyamba kukhutchumula botolo.

"Wedi." Mawu a amayi anali otsika. "Waika angati?"

Ndinayang'ana botolo ngati lindiyankhira. Amayi anatambasula dzanja, anadontheza mkaka kuseri kwa chikhatho, n'kunyambita.

"Awa ndi madzi otsukira kapu."

Kuseri kwa mpanda mbale inagwa.

"Mayo ine!" anakuwa bana Mulenga. "Ndiye chifukwa Mulenga anali kubwera na milomo yoyera! Ine nenze kuganiza ati adya choko kusukulu! Bashi Wedi, mwavomera vinthu va mahala!"

Zotsalazo ndinaulula ndekha, popeza panalibenso choti n'kuulula. Amayi aakulu anamvetsera mpaka kumapeto, anamanga bwino chitenje chawo, n'kunena kuti tsempho limabwera m'njira zambiri. Anapita ku Mtendere okha. Mpaka tsiku la imfa yawo sanapepese kwa atate, ndipo atate anawapangira bokosi ndi manja awo, la matabwa abwino.

Ine ndinkadikira mkwapulo. Ndinali nditasankhiratu ndi mbali yoti ndiyambe kupereka. Koma amayi anataya madzi oyera aja, anapanga botolo lina okha, masupuni asanu, n'kukhala pansi motsamira khoma. Esinati anayamwa atatseka maso, kadzanja kake katagwira chala chawo. Botolo lisanathe, amayi anali m'tulo, masanasana, pakamwa pali yasa. Atate anagwada, anagwira botolo kuti lisagwe, n'kukhala chomwecho mpaka mwana anamaliza. Ndikanakonda akanandimenya.

Chilango chinabwera Lachitatu. Atate anandidzutsa mbandakucha, tinayenda mpaka kusitolo, ndipo tinapeza mzere utazungulira kale ngodya. Kunkazizira, kenaka kunatentha. Anyamata a chipani ankayenda ndi zikoti kuwongola mzere, ndipo ukawongoka pankapezeka kuti abale awo ali kutsogolo. Azimayi ankasinthira ana matewera ali chiimire. Dzuwa litafika pamutu, patatsala anthu owerengeka patsogolo pathu, munthu wina anatuluka n'kukweza manja: watha. Tinabwerera chimanjamanja, ndipo ndinaona ndi maso anga mkazi amene atate ankapitako mbandakucha.

Tinapitanso Lachisanu, n'kubwerera momwemo. Ulendo wachitatu tinapeza chitini chimodzi. Atate anandipatsa kuti ndinyamule, ndipo ndinachikumbatira njira yonse ngati khanda.

Ntchito sanandichotse, popeza panalibe wina woti alembe. Atate anangosema kathabwa kosalazira supuni, n'kuika lamulo limodzi: ndiziwerenga mokweza, moti amve a kuseri kwa khoma. Choncho m'mawa uliwonse anthu odutsa ankamva mnyamata akufuula, "Imodzi! Awiri! Atatu! Anayi!" ndipo kuseri kwa khoma bana Mulenga ankamalizitsa, "Faivi! Lomba vala chitini, kabolala iwe!" Ndiye kuti nditseke chitini, ine wakuba. Mulenga anandibwezera pagolo. Kamkanda ka Esinati kanakwera pang'onopang'ono, ndipo mvula isanagwe amayi anakadula n'kumanga kena kokulirapo.

Esinati lero ndi mayi wathupi, wogulitsa nsalu, ndipo akandiona ndikudya kwake amauza ana ake kuti abise chakudya cha khanda. Amayi, kwa zaka zambiri, akakangana ndi atate ankamaliza ndi mawu amodzimodzi: "Komatu tsiku lija munavomera msanga." Atate ankangopitiriza kupala thabwa.

Ndinadzawafunsa kamodzi. Inali sabata imene ndinasiya koleji m'chaka chachiwiri. Masiku anayi ndinali ndikusitabe malaya oyera n'kumatuluka m'mawa ngati wopita kukaphunzira, mpaka ndinadziona pagalasi la sitolo n'kuzindikira kuti ndasanduka botolo lija, loyera koma lamadzi okhaokha. Ndinabwerera kunyumba n'kuwauza zoona. Atate anagwedeza mutu, ndipo ine ndinafunsa chifukwa chimene anavomerera mlandu wosakhala wawo.

"Ndinali nditatopa," anatero, "ndipo mwana ankatha. Dzina langa likanadikira."

Sindinakhale munthu wamkulu, ndipo masamu anandikana kachiwiri. Koma ndikudziwa tsopano kuti m'nyumba ya anthu otopa, kuba n'kosavuta, chifukwa palibe wotsala ndi mphamvu zoti alawe botolo. Amangoona kuti n'loyera, n'kukukhulupirira. Ndipo amene amalipira si wakubayo. Mpaka lero ndikapatsidwa chinthu cha wina kuti ndimuyezere, ndimapezeka ndikuwerenga mokweza, ndipo ndikafika pa anayi ndimaima pang'ono, kudikira mawu a kuseri kwa khoma.