Chisoti Chimene Ndinakwecha

Ndinali ndi zaka khumi, ndili Sitandade 4, ndipo ku Katoto konse kunalibe mtsikana wokwecha mapoto kuposa ine. Sikudzitama ayi. Ukandipatsa mchenga, phulusa ndi chitsononkho, poto wakuda bii ankawala mpaka kudzionerapo nkhope. Mayi oyandikana nafe, a NyaGondwe, ankauza ana awo kuti ndimagwira ntchito makora chomene, kutanthauza bwino kwambiri, ine mutu n'kumakula.

Bambo anga anali msilikali wopuma. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inawasiya ku Mzuzu, ndipo atapuma ankalondera masana sitolo ya Myao wina wa ku Mangochi m'tauni. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki anawatumiza kukalondera njanji. Anzawo anabwerako ndi mawayilesi ndi nsalu, koma iwo anabwera ndi zisoti zachitsulo za asilikali, zinayi, zotola kutchire kumene anthu anaphana. Amayi ankadana nazo, ankati m'nyumba mwathu muli ngati kumanda. Zinkakhala pamwamba pa kabati zitavundikira. Zitatu bambo ankazitsitsa kukabwera alendo, n'kumafotokoza kuti ichi n'cha Apwitikizi, ichi anachitola pa mlatho wakutiwakuti. Chachinayi, chokhala ndi kabowo kolowa chala chapafupi ndi khutu, sankachikhudza. Sanatiletsepo kuchigwira, poti ndani akanaganiza kuti mwana angakwere pa mpando kukatenga chinthu chonyansa chotero?

Loweruka lina, nyengo yozizira ija ya ku Mzuzu yolowa mpaka m'mafupa, amayi popita kumsika anandiuza kuti amayi a kumpingo abwera kudzapemphera, nyumba iwale. Ndinasesa, ndinakolopa, kenako maso anagwera pa zisoti zija: dzimbiri, fumbi, akangaude. Manyazi anandigwira. Ndinazitsitsa zonse n'kupita nazo kuseri. Chachinayi chinandivuta kwambiri. Mkati munali zakuda zouma zomatirira ku malamba, ndiponso timalemba ta bolopeni m'mphepete. Ndinationa, sindikana, koma sindinawerenge. Ndinangoti n'zolembalemba ngati za pa desiki kusukulu. Ndinakwecha mpaka zala kuwawa, madzi akutuluka ofiirira. Ndinaziyanika pa thandala pamodzi ndi mapoto, n'kumadikira kuyamikiridwa.

Bambo anafika dzuwa likupendeka. Anaima pa thandala paja nthawi yaitali. Kenako anatenga chachinayi chija, nachitembenuza, nakhala pansi pamatope ndi yunifolomu yawo yomwe. Ine ndinkadikira lamba. Lamba sanabwere.

Anandiuza mwapang'onopang'ono, osandiyang'ana. Mwini chisoticho anali Zakeyu, mnyamata wa ku Mozambiki amene ankalondera naye sitima, wolankhula Chichewa ngati ife, wa kutsidya kwa malire a kwathu ku Ntcheu. Atawomberedwa sanafe pomwepo. Anatchula dzina la mayi ake ndi la mudzi wawo, bambo akulemba mkati mwa chisoti poti pepala panalibe, nawapempha kuti akawauze kumene mwana wawo wagona. Anamuika pansi pa mtengo m'mbali mwa njanji. Kuyambira tsiku limenelo bambo sanayang'anemonso m'chisotimo. Ankaopa. Ankangodziuza kuti maina alimo, sathawa, adzapita mtima ukadzalimba. Mainawo m'mutu mwawo anali atafufutika kalekale, ndipo zakuda zimene ndinatsuka zija anali magazi.

"Mwanawe," anatero, "iwe umatha kuwerenga. Panalembedwa chiyani?"

Ndikanangonena zoona. Mawu amodzi okha, sindinawerenge, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinali ndisanaonepo milomo ya bambo anga ikunjenjemera, ndipo ndinkafuna zileke msanga. Ndinati dzina la mayiwo sindikulikumbukira, koma mudziwo ndi Kamphande. Kumene ndinalitenga dzinali sindikudziwa mpaka lero. Linangotuluka m'kamwa.

Analibwereza kangapo, ngati akulilawa. "Kamphande. Eya, mwina ndi momwemo." Anandisisita mutu ndi dzanja lamatope, nayamika mmene amayamikira anthu a ku Mzuzu: "Yewo, mwanangu."

Kuyamikira kumene ndinkadikira tsiku lonse kunali kumeneko, ndipo kunandiwawa kuposa lamba.

Chaka chotsatira anakwera basi ya ku Ntcheu, chisoti chili m'thumba la feteleza, nawoloka malire wapansi. Anabwerako patapita masabata awiri, mapazi atatupa, chisoti chili m'thumba momwemo. Anati anthu akumeneko sakuudziwa mudziwo, koma mwina unasamuka nthawi ya nkhondo, poti midzi yambiri inabalalika. Anapitanso ndili Fomu 1, anapitanso ndili Fomu 4. Ulendo uliwonse ndine ndinkawakazingira mtedza wa pa njira. Ndinkatakasa mtedzawo mawu ali pakhosi, koma chaka chilichonse bodza lija linkalemera kuposa chaka chatha, ine n'kumalephera kulinyamula kukalitula pamaso pawo. Ulendo wachitatu anabwera ndi chifuwa chimene sichinawasiyenso. Ali m'chipatala anandigwira dzanja, nandiuza kuti ndikadzapeza mpata ndikafunefune Kamphande, ndisamugwiritse mwala Zakeyu ngati mmene iwo anachitira. Ndinavomera. Ngakhale pamenepo, anthuni, ndinavomera.

Pano ndimakhala ku Lupaso, ndipo zisoti zija zili pamwamba pa kabati yanga. Mwana wanga anandionetsa pa foni kuti kunja kuli anthu amene amasonkhanitsa zisoti zotere, ndipo safuna zotsukidwa. Amafuna zadzimbiri, makamaka zokhala ndi dzina mkati. Ndinangotuluka panja.

Kukwecha kuja sindidziimba nako mlandu kwambiri, unali ubwana. Chimene chimandidya ndi chakuti ndinaopa kuona bambo anga akulira tsiku limodzi, ndiye ndinawayendetsa zaka zonsezo kufunafuna mudzi umene kulibe. Ndinkati ndikuwachitira chifundo, chonsecho ndinkadzimvera chisoni ndekha. Mayi ake a Zakeyu, kulikonse kumene anali, palibe anakawauza. Dzimbiri linabwerera pa chisoti chija mwezi usanathe. Nthawi zina ndimachitsitsa, n'kupita nacho padzuwa, n'kumachipendeketsa uku ndi uku, mwina bolopeni ija inasiya kamzere pa chitsulo. Palibe. Ndinkakwecha bwino kwambiri.