Pulasitala pa Bondo Losathyoka

Mwendo wanga sunathyokepo. Ngakhale bambo a ana anga sadziwa zimenezi.

Ndinkaphunzitsa ku Kalembo, setifiketi ikadali yatsopano, mwana ali kubere. Bondo lakumanja linayamba kutupa, ndikalipinda linkamveka ngati mwalowa mchenga. Nthawi yomweyo kunamveka zoti mtsogoleri wa dziko akubwera, ndipo amayi tonse tinkayenera kukayeserera magule masana aliwonse. Wojomba ankafunsidwa kuti boma lamulakwira chiyani. Mphunzitsi mnzathu wina anafunsidwa funso limenelo, sitinamuonenso.

Tsiku lina nditatsimphina pabwalo, atcheya a amayi, amene ankatsogolera gule, anandiloza. "Aphunzitsi, sukulu yakulemetsani miyendo eti? Kajambulitseni tione."

Ndinapita ku Liwonde, mwana kumsana. Adokotala anakweza chithunzi cha ekisirei pawindo. Mafupa onse bwinobwino, opanda ndi mng'alu womwe.

"Ndiye kuti ndikunama?" ndinafunsa.

"Iyayi, mayi. Mukudziwa choyera chija ana amakukuta kunsonga kwa fupa la nkhuku? Chanu chadyeka. Koma ekisirei imaona fupa lokha. Akuti ku Joni kwabwera makina a maginito, munthu amagonekedwa m'kati ngati mumgolo, ndipo chofewacho chimaoneka. Kuno tilibe."

Ndinaona m'maganizo atcheya atagwira chithunzi chija, akufunafuna pothyoka. Aboma akanditenga, mwanayu adzayamwa kwa yani? Ndinatsitsa mawu. "Ndimangeni pulasitala, adokotala. Ndikufuna chinthu choti anthu aone ndi maso."

Anatseka chitseko. "Bondo likakhalitsa osapindika limauma. Mwamva? Mubwere msanga tidzachotse."

Sindinabwerere msanga. Ndinadikira mpaka ulendo wa mtsogoleri utadutsa. Masiku onsewo galimoto ikaima pamsewu ndinkangomukumbatira mwana. Atcheya anabwera kudzandizonda, nagogoda pulasitalayo ndi chala ngati akusankha mphika pamsika.

"Nanga chithunzi?"

"Chinatsala kuchipatala, mayi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Pepani, aphunzitsi," anatero, nadzuka.

Atadula pulasitala, mwendo unali utaonda ngati mtengo wa chinangwa. Bondo silinapindikenso bwino mpaka lero. Pamaliro anzanga akakhala pamphasa ine ndimapempha mpando, ndipo apongozi anga anamwalira ndisanawagwadirenso. Koma palibe anabwera kudzanditenga, ndipo mwana ndinamulera ndekha.

Inu amene mukuwerenga, ndiuzeni: ndinachita bwino kodi?